Mkodzo Woyera wa Zuze

Tinanyamuka ku Makhanga dzuwa litangotuluka, nyengo imene madzi amayamba kuphwa m'madimba, zaka zingapo itatha nkhondo ya Jeremani. Tinali atatu: ine, mwana wanga woyamba Zuze, amene ndinkati ndi wodwala, ndi mng'ono wake Kampira, amene ndinamutenga ngati chitsanzo. Ulendo unali wa ku chipatala cha ku Boma la Nsanje, limene masiku amenewo azungu ankalitcha Port Herald.

Nthenda ya Zuze inali yakuti ankakodza zoyera. Musaseke. Kwathu kuno mnyamata aliyense akafika msinkhu wokawedza yekha m'thamanda ankayamba kukodza magazi, ndipo tonse tinkadziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro chakuti wayamba kukula, tsiku lina adzabereka. Ine ndinakodza magazi, bambo anga anakodza magazi. Koma Zuze, wazaka ngati khumi ndi zitatu, wake unali mbee ngati madzi a mvula, pamene Kampira, kamwana kazaka zisanu ndi zinayi, anali atafiiritsa kale kuseri kwa nkhokwe mpaka ndinamuphera tambala. Anzanga pa bawo ankandifunsa kuti, "Kodi wamkulu uja ndi wako ndithu?" Zinkandiwawa kwambiri. Ndinkaopa kuti mwana wanga adzakalamba wopanda mwana. Asing'anga atatu anamumwetsa mizu osaphula kanthu, ndiye ndinaganiza kuti mwina ku chipatala kuli mankhwala ofiiritsa.

Poopa kuti dokotala sakamvetsa mtundu umene ndikufuna, m'mawa womwewo ndinauza Kampira kuti akodzere m'botolo lakale la vinyo wa Apwitikizi, n'kulitseka ndi chitsononkho. Mkazi wanga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bambo a Zuze, anzanu popita ku Boma amanyamula nkhuku. Inu mkodzo?"

"Mungotipatsa kamba, zachimunazi zisiyeni," ndinayankha. Anatimangira nyika zophika, mizu ija timazula m'madzi, ndi milamba iwiri yowamba.

Njira ya ku Chiromo inali ikadali m'madzi, choncho tinakwera bwato, makobiri awiri munthu mmodzi. Wopalasa anali nkhalamba ya Chisena yopanda mano akutsogolo. Nditaifotokozera vuto langa, inasiya kupalasa n'kumuyang'ana Zuze mwachisoni.

"Nkhabe, shamwali, uyu sakudwala ayi, ndi mantha basi. Mponyeni m'madzimu, mwezi usanathe afiira."

Zuze anagwiritsa m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri. Mwana ameneyu ankaopa madzi chionereni ng'ona ikukoka mbuzi yathu padooko, moti ankasambira pachitsime, ndi chikho, ngati gogo. Kampira ndiye anaimitsa bwato kawiri kuti akakodze. Ankakhalitsa m'bangomo, n'kubwerako ataluma mlomo, thukuta lili kamukamu. Ine ndinkangomugwedeza wopalasa uja n'kumati, "Mukumuona ameneyu? Watengera ine."

Tinafika pa Chiromo dzuwa lili paliwombo, mchenga ukuotcha mapazi. Tikiti yanga inali shilingi imodzi, anawo sikisipensi aliyense. Sitima inachedwa monga mwa chizolowezi chake, ndipo itabwera tinapanikizana m'ngolo ya anthu akuda pamodzi ndi nkhuku, mitolo ya mphasa ndi mayi wina wogulitsa masawu. Botolo ndinalikumbatira pachifuwa kuti lisasweke. Kumeneko ndiye kunali kulakwa kwanga, chifukwa wapolisi wina wa chisoti chofiira, amene ankabwerera ku Boma, anaona khosi la botololo likusuzumira pansalu.

"Vinyo wa azungu! Kodi sukudziwa kuti munthu wakuda saloledwa?"

"Bwana, si vinyo ameneyu."

"Onse amatero."

Anandilanda, anazula chitsononkho, n'kununkhiza nthawi yaitali ngati katswiri. "Wakhalitsa uyu," anatero, akulipendekera kukamwa. Ndinakuwa kuti ndi mkodzo wa mwana. Kampira anaimirira pabenchi, chifuwa patsogolo: "Ndi wanga, bwana. Wa m'mawa uno."

Wapolisi uja anatseka botolo pang'onopang'ono, anapukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja, kenako analikweza kuyang'anitsa kudzuwa.

"Kamwana komwe aka? Kachita bwino. Ine ndinayamba ndili wamkulu kuposa apa."

Basi, chikondwerero. Botolo linayenda dzanja ndi dzanja mpaka kumapeto kwa ngolo, aliyense akuyamikira. Mayi wa masawu anamudzazira Kampira manja onse awiri kwaulere. Atamva kuti wamkuluyo ndiye woyera, anthu anamukhuthulira malangizo: wina anati azidya mapira ofiira okhaokha, wina anati amange kansalu kofiira m'chiuno, mkulu wina wokalipa anati mwanayo azigona mutu utaloza kumene kumalowera dzuwa. Zuze anangotembenukira pazenera, misozi ikutsika, mpaka pa Tengani pamene sitima inaima kumwa madzi ndi kutenga nkhuni. Pamenepo tinadya nyika zathu ndi mlamba umodzi. Zuze anakana kudya, Kampira anatsika kukakodzanso ndipo sitima inangotsala pang'ono kumusiya.

Ku Nsanje tinafika dzuwa litapendeka, tinagona pakhonde la msuweni wanga wosoka zovala, ndipo kutacha tinakakhala pamzere ku chipatala. Dokotala anali Mmwenye wa mandala m'maso. Womasulira wake anali mnyamata wa kumapiri wovala zoyera, wolankhula mwaulemu wopweteka. Nthawi yathu itakwana ndinaika botolo patebulo, ndinakankhira Zuze kutsogolo, n'kunena momveka bwino:

"Ndikufuna mwana uyu azikodza chonchi."

Womasulira anandipempha kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Atamasulira, dokotala anavula mandala, anawapukuta, anawavalanso, n'kundiyang'ana ngati ndagwa kuchokera padenga. Anapatsa Zuze kabotolo kakang'ono kuti akakodzeremo, ndipo atakaona anagwedeza mutu mokondwa.

"Akuti uyu ali bwino, bambo," anatero womasulira. "Akuti chichereni lero ndi mwana woyamba wabwinobwino kulowa muno. Akufunsa kuti mwini botolo lalikululi ndani."

Kampira anakweza dzanja, akuyembekeza masawu ena. Dokotala anamugoneka pabenchi, anamukanikiza pachinena, anamutsegula zikope n'kuona mmene munayerera. Womasulira anamufunsa ngati amamva kuwawa pokodza. Mwanayo anandiyang'ana ine kaye, kenako anati, "Iyayi." Dokotala anamupatsa kabotolo kake, ndipo dontho limodzi analiika pansi pa chipangizo cha magalasi chokuza zinthu. Anandiitana kuti ndisuzumire. Ndinaona tinthu tonga njere za nkhaka, kalikonse kali ndi kaminga kumapeto.

"Amenewo ndi mazira, bambo. Nthendayi ndi likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osayenda, timaboola khungu mwana akamasamba kapena kuwedza, n'kukaikira mazira m'chikhodzodzo. Magazi mukuwanyadirawo ndi a zilonda. Mukazengereza chikhodzodzo chimaonongeka, mwana amafooka, ndipo kubereka mukukufunako ndiko kumene kumadzavuta."

Ndinapsa mtima. "Ndiye mukuti mudzi wathu wonse ndi wodwala?"

"Wonse, bambo."

"Wapolisi wa m'sitima nayenso?"

"Ameneyo sitinamuone, koma mukakumana naye mumuuze abwere."

"Nanga ine bwanji ndinabereka ana asanu?"

Womasulira anangotenga kabotolo kachitatu n'kundipatsa ndi manja awiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma ine sizinadikire n'komwe mawalo. Mwanga munapezekanso mazira omwewo, ochulukirapo.

Tinakhala ku Nsanje pafupifupi mwezi. Tsiku lina jakisoni, tsiku lina kupuma, ndipo jakisoni wake anali woti akangolowa mumtsempha umatsokomola ndi kusanza mpaka kuona mdima masana. Ine ndi Kampira tinkagona chafufumimba pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa chipatala, pamene wodwala ndinabwera naye uja ankatiphikira phala, akuimba mluzu, akunenepa. Tsiku lina anandibweretsera chikho n'kundifunsa ndi nkhope yozizira kuti, "Baba, kodi ndikufunireni kansalu koyera ka m'chiuno?" Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamuthamangitsa mpaka kumalire ku Ndamera, koma ndinangoseka, kusekako n'kundiyambitsanso kusanza. Potitulutsa anatilangiza kuti ana azisambira madzi a pachitsime kapena ofunditsa, asamakodzere m'thamanda, ndipo tikaonanso kufiira tibwere msanga.

Pobwerera madzi anali ataphwa, choncho kuchokera pa Chiromo tinayenda pansi. Zuze anatsogola ndi katundu. Titatsala pang'ono kufika, madenga a kwathu akuoneka, Kampira anapatukira patchire, ndipo sanachedwe n'komwe. Atabwera anayenda pambali panga n'kundinong'oneza.

"Baba, zayera. Mukwiya?"

"Ndikwiyirenji, mwana wanga? Ndi zimene tinabayidwira."

"Sizikuotchanso."

Ndinaima. "Kodi zinkaotcha?"

"Ngati tsabola. Tsiku lililonse, kuyambira chaka chatha."

"Nanga bwanji sunanene? Bwanji unakana pamaso pa dokotala?"

Anakanda pansi ndi chala cha kuphazi. "Munkakondwa, Baba."

Ndinakhala pansi pakati pa njira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga, ndipo ndinalira. Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire. Chaka chathunthu mwana ankapsa m'kati, ine ndikumuombera m'manja. Kumudzi ndinafotokoza zonse, ena anamva, ambiri anati Mmwenye wandisokoneza mutu, ndipo sindinalimbane nawo chifukwa nanenso ndinali wotero. Chimene ndimauza aliyense wolera mwana ndi chimodzi: ukaona zachilendo pamkodzo wa mwana, kaya ndi mtundu wake, kaya akupita pafupipafupi, kaya akuchedwako, usathamangire kukondwa kapena kukalipa. Mutengere pambali, ubise nkhope yako, umufunse ngati zikuwawa. Mwana amayamba wawerenga nkhope ya bambo ake asanayankhe, ndipo wanga akanapirira mpaka kumanda kuti ine ndisasiye kumwetulira.