Mlonda wa m'nkhokwe ya azakhali

Fungo la mpunga wongopuntha kumene limandibwezera kwathu ku Mwadzama, chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inali nyengo ya mwera. Mphepo yozizira inkaomba tsiku lonse itanyamula mchenga, ndipo mabwato ankakhala pamtunda masiku atatu kapena anayi. Bambo anga ankasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Pabwalo tinkayanika mpunga pamikeka, ine ntchito yanga inali kuingitsa nkhuku. Kuseri kwa nyumba kunkanunkha chinangwa choviika cha kondowole, fungo lowawasa limene linkakanirira m'zovala.

Kumapeto kwa bwalo lathu kunali kanyumba ka azakhali anga a Mwanaisha, alongo awo a bambo. Amuna awo anamwalira ku Kanyenda, ndipo ana awo awiri anapita ali makanda. Atamaliza eda, miyezi ija imene mkazi wamasiye amabindikira, bambo anakawatenga. Ankalima okha kudambo, ndipo anali ndi nkhokwe yaing'ono yomata ndi dothi. Sankayankhula zambiri. Ankaphika zitumbuwa za ufa wa mpunga zogulitsa, ndipo chopserera m'mbali chinali changa. Tsitsi langa ankaliluka ndi iwo, pang'onopang'ono, osakoka ngati amayi.

Chaka chimenecho kunagwa makoswe. Titangokolola, anachoka kudambo n'kulowa m'mudzi. Anaboola matumba, anadya sopo, anatafuna zingwe za ukonde. M'mawa uliwonse amayi, amene anali ndi pakati, ankasesa mankhusu ndi zitosi, m'nyumba mukununkha mkodzo wa makoswe. Thumba ukalinyamula linkapepuka m'manja. Nyumba iliyonse inkadandaula chimodzimodzi. Nkhokwe ya azakhali yokha inalibe bowo ndi limodzi lomwe.

Ndinkaona zinthu ziwiri zimene sindinkazimvetsa. Pansi pa nkhokweyo pankakhala phale la madzi, koma nkhuku zathu zinali ndi pomwera pake. Ndiponso azakhali asanatsegule, ankagogoda mzati katatu, n'kudikira pang'ono, ngati munthu amene wafika pakhomo pa eni.

Tsiku lina masana anandituma kukatapa mpunga ndi lichero. Ine sindinagogode. Nditachotsa chitseko ndinaona njoka yofiirira, yonyezimira, itadzipinda pamwamba pa mpunga. Pakati pa thupi lake panali potupa ngati chibakera. Sinathawe, inangotulutsa lilime. Lichero linagwa. Azakhali anabwera n'kundikokera kumbuyo mofatsa.

"Iyi siluma munthu wosaiputa," anatero. "Ndi mlonda wanga, amadya makoswe. Koma usauze munthu, mwanangu. Anthu sangamve."

Ndinasunga chinsinsicho masiku awiri. Tsiku lachitatu amayi anapeza thumba la mbewu, limene tinkayembekeza kudzafesa, litasanduka mankhusu okhaokha. Anakhala pansi atagwira mimba, misozi ikutsika. "Kodi makoswe amenewa mpunga wa alamu anga sauona?" anafunsa, osayang'ana aliyense. Ine ndinafuna kuwathandiza. Ndinkaganiza kuti akadziwa, nafenso tipeza mlonda wathu. Ndinawauza zonse, za njoka, za phale ndi za kugogoda.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika pamjigo. Pobwerera inali itasintha. Ankati azakhali akuweta njoka yokawa, imene imayenda m'nkhokwe za anthu kumeza mpunga n'kukalavula mwawo. Ankati madzi a m'phale ndi mankhwala, ndipo kugogoda kuja ndiko kuituma. Ena anayamba kuwerengera amuna awo ndi ana awo aja, n'kumafunsana kuti anafa bwanji.

Lachisanu potuluka kumzikiti, bambo anabwera ndi amuna anayi kapena asanu, makofia ali kumutu. Sindikhulupirira kuti bambo ankavomereza zimene zinkanenedwa. Koma dzina la pakhomo pawo linali m'kamwa mwa anthu, ndipo nkhope yawo inali yolimba ngati ya munthu wodwala dzino. Anatenga nkhafi n'kugumula dothi la nkhokwe. Mpunga unakhuthukira pansi, nkhuku zinathamangira. Njoka ija inatuluka mochedwa chifukwa inali itakhuta. Bambo anaimenya kawiri.

Mmodzi mwa amunawo analoza potupa paja n'kunena kuti mpunga wa anthu ndi umenewo. Anaing'amba ndi mpeni wotumbulira nsomba. Munatuluka khoswe wathunthu, wonyowa, mchira uli wowongoka. Tonse tinamuona. Kenaka munthu uja anati, "Yausandutsa khoswe kuti tisauzindikire." Ena anagwedeza mitu movomereza.

Azakhali anali ataima pakhomo pawo, manja ali ndi ufa. "Achimwene, mwaona chimene inkadya," anatero. "Tsopano mundiuze chimene ndalakwa." Bambo anapukuta nkhafi paudzu.

Azakhali palibe amene anawathamangitsa. Kungoti zitumbuwa zawo zinayamba kubwerera zonse m'beseni. Palibe amene ankapala moto kwawo, ndipo akafika pamjigo macheza ankazima. Ine anandiletsa kupita kukanyumba kaja, tsitsi langa linakhala losaluka. Pasanathe mwezi makoswe analowa mu mpunga wawo umene unatsala, ndipo wathunso sanausiye. Tinadya kondowole ndi chigwada mpaka mvula, ndipo mbewu yofesa tinachita kupempha. Amayi atachira, azakhali anabwera ndi madzi otentha, koma mwana sanawapatse kuti anyamule. Chimenecho ndicho chinawathyola.

M'mawa umene ankanyamuka kupita kwa achibale ku Dwangwa, anandiitana ndi dzanja. Ndinakhala pakati pa miyendo yawo, iwo n'kundiluka mizere isanu ndi umodzi. Ndinkadikira kuti andifunse chifukwa chimene ndinaululira. Sanafunse. Anangoti ndiziweramitsa mutu. Atamaliza anasenza mtolo wawo n'kulowera kumsewu. Anamwalira komweko patapita zaka, ine ndili kale pabanja, ndipo ndinafika ataika kale.

Lero ndine wamasiye. Amuna anga anandisiya mwezi wa Ramadani wapitawu, ndipo eda yanga ndamaliza posachedwa. Sukulu sindinapite nayo patali, koma munda wandiphunzitsa. Njoka zakupha ziliko, mphiri ndimaiopa mpaka lero. Koma ndaona kuti kumene anthu amapha chilichonse chokwawa, makoswe ndiwo amakolola. Ndaonanso mmene anthu amayang'anira mkazi wokhala yekha zinthu zikamuyendera pang'ono.

Sabata yatha, ndikusuntha matumba a mpunga m'chipinda chosungira, ndinapeza khungu limene njoka inafundula, lopepuka ngati khoko la anyezi. Matumba onse anali athunthu. Khungulo ndinalikwirira kuseri kwa bafa, ndipo pakona ndinaikapo phale la madzi.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndinaulula za njoka, ndipo ndinkalira kuti ndinaiphetsa. Tsopano ndikudziwa kuti ndinaulula za mkazi amene analibe womuyankhulira. Dzulo mpongozi wanga anandiona ndikugogoda chitseko cha chipinda chija katatu. Anaseka n'kufunsa kuti, "Amayi, mukuodira ndani m'nyumba mwanu momwe?" Ndinamuuza kuti ndi ukalamba chabe, ndipo ndinadikira pang'ono ndisanatsegule.