Tsiku limene ndinakana kuthira nkhono mchere

Ndikukumbukira kamunda ka amayi kuseri kwa nyumba yathu ku Clondalkin. Kanali kakang'ono ngati mphasa ziwiri, koma ankakasamala kuposa pabalaza. Akaweruka ku eyapoti, asanavule n'komwe yunifomu, ankayamba akaona mpiru wawo, umene mbewu yake anachita kuitanitsa kumudzi. Adani awo anali nkhono. Mvula ikangowaza, ndipo ku Dublin siisowa, zinkatsika pampanda n'kusiya masamba ali mabowo okhaokha.

Ine ndinali mwana wamanyazi. Kusukulu aphunzitsi ankachita kuwerama kuti amve mawu anga. Zakukhosi ndinkauza kabuku kanga ka dayale ndi mnzanga mmodzi yekha, Sabela, wa nyumba yoyandikana nafe. Kwawo kunali ku Galicia, kumpoto kwa Spain, ndipo chaka chimenecho agogo ake aamuna anamwalira, iye osapita kumaliro.

Sabela ndi amene anandiuza za katchalitchi kena kwawoko, kali pamwamba pa phompho loyang'ana nyanja. Anati munthu aliyense ayenera kukafikako. Amene wafa asanapiteko amapitabe, koma atasanduka buluzi, chule kapena kachilombo kokwawa. N'chifukwa chake oyenda njira imeneyo saponda kanthu kamoyo. Agogo akewo ankangoti adzapita chaka chamawa, mpaka imfa inawapeza.

"Mwina ayamba adzandiona ine kaye," anatero tsiku lina, maso ali pa nkhono ya pampanda.

Loweruka lina m'mawa amayi anandipatsa botolo la mchere.

"Tadala, thira zonsezo. Ndatopa kulimira nkhono ine."

Ndinkadziwa zimene mchere umachita. Nkhono imatuluka thovu, n'kukhwinyata, n'kusungunuka. Sabela anali atasuzumira pampanda, zala zitagwira matabwa.

"Sindithira," ndinatero.

Amayi anatembenuka. Sindinali mwana wobweza mawu, ndipo nthawi zonse ndinkawayankha m'Chingerezi. Apa ndinawakanira m'Chichewa chenicheni.

"Wati chiyani?"

"Sindithira, amayi. Mwina imodzi ndi agogo ake a Sabela."

"Agogo ake nkhono? Yesu wanga! Sande sukulu yonse ija waphunzirako zimenezi? Bweretsa kuno botololo!"

Ndinalibisa kumsana n'kukaima pakati pa mpiru. Madzi ozizira ankalowa m'masokosi. Zoti mkuluyo anasanduka nkhono sindinkakhulupirira. Koma zoti ndisungunule nkhono Sabela akuona, ayi.

"Inunso simunapite kumudzi kumaliro a agogo anga, mapepala okhalira m'dziko muno anali asanatuluke," ndinatero. "Munkalira m'bafa, madzi mutatsegula. Ndinkakumvani."

Amayi anandiyang'ana, kenako anayang'ana Sabela. Analowa m'nyumba, ine n'kudziwa kuti lero ndiye ndaziyamba. Anatuluka ndi kontena ya ayisikilimu yopanda kanthu, n'kuiponya paudzu.

"Tolani abale anuwo. Ndikadzapezanso mmodzi pa mpiru wanga, ndidzamuthira ndekha."

Tinatola zonse, zala zili ndendende ndi ulenda wake, n'kukazisiya m'udzu wa m'mbali mwa ngalande. Sabela ankatembenuza iliyonse kuti iyang'ane kummwera, kumene kuli kwawo. Chilango sindinachithawe: sabata imeneyo TV sindinaionere. Pepani sindinanene, ndipo mpaka lero sindinanenebe.

Sabela anabwerera kwawo kalekale, ndipo ku katchalitchi kaja anakafikako ndi miyendo yake, ananditumizira chithunzi. Amayi ali ndi pasipoti yakuno tsopano, maliro a kumudzi sawaphonya. Kulima anasiya, mawondo akana. Kamunda ndili nako ndine, ku Blanchardstown, masamba ake mabowo okhaokha. Amayi akabwera amawatembenuza ndi chala n'kupukusa mutu.

"Abale ako aja akudya bwino kuno."

Adye ndithu. Kwanga mchere sutuluka m'khitchini.