Makina Opalasa ndi Miyendo

Mlongo wanga sayenda chibadwire. Lamulo limati nayenso ali ndi ufulu wophunzira ntchito, ndiye bungwe lina linamuphunzitsa utelala, popeza kwathu ku Katowo aliyense wolumala amabadwa ali telala kale. Tsiku lotsekera maphunziro, titatopa ndi zolankhula za akuluakulu, anamupatsa mphatso: makina osokera opalasa ndi miyendo. Anthu anaomba m'manja.

"Yewo chomene, bwana," anatero mlongo wanga. "Nanga miyendoyo ibwera liti?"

Sinabwere. Mwamwayi ine ndinali nditangosiya koleji, miyendo yanga ilibe chochita. Mpaka lero iye amasoka mayunifolomu, ine ndikupalasa chammbali, uku akundikalipira, "Achimwene, pang'onopang'ono!" A bungwe aja amauza alendo kuti tsopano akudzidalira.