Tsiku limene ndinali funso la mayeso ku Edenvale

Ndinatuluka m'nyumba ku Katlehong, kuno ku Joni, sikisi koloko isanakwane, mwana wanga Dalitso ali kumbuyo, botolo la phala lili m'chikwama. Ndinkapita ku Edenvale kukathandiza mng'ono wanga Chisomo kulemba mayeso, ine amene ndinalekezera sitandade 5.

Chisomo anakulira kwa azakhali ku Elsburg ndipo ali ku yunivesite. Amaphunzira za kayendedwe ka thupi ndi kusamala moyo: mmene minofu imagwirira ntchito, ndi mmene munthu angalimbitsire thupi osadzivulaza. Mayeso ake omaliza anali oti abweretse mayi wa mwana wamng'ono, amuyeze, amuphunzitse kunyamula zinthu aphunzitsi akuonerera. Chaka chatha analephera. Akanalepheranso, basi digiri ikanamuthawa. Mayi amene anapangana naye anasintha maganizo, ndiye anandiimbira ine.

"Achemwali, mudzavale thalauzi ndi nsapato zothamangira," anatero.

Ndinavomera. Koma m'mawamo ndinaganiza kuti munthu sangakaonekere pamaso pa aphunzitsi akuluakulu ngati akupita kokachapa. Ndinavala siketi yanga ya kutchalitchi, chitenje pamwamba, ndi duku.

Minibasi zimene kuno timati takisi zinali zikudzadza kale. Ya ku Germiston inali malandi 14. Ndinakhala kumbuyo kwenikweni, pakati pa agogo a Chizulu ndi bambo wovala ovolosi wa kumafakitale a ku Wadeville. Agogowo anandifunsa kanthu, ine ndinangoti "yebo, gogo" ndi kumwetulira. Ndimatero ndi mafunso onse a Chizulu. Mwina tsiku lina ndinavomera ukwati osadziwa.

Pa Germiston tinafika cha m'ma 7. Dalitso anayamba kuvuta, ndinamuuza kuti, "Tonthola bambo, tigule mandasi." Mayi wogulitsayo anatukula mutu.

"Iwe mwana, ndiwe wa kwathu? Ine ndine wa ku Chipata. Uyenda kuti watchena so?"

"Ku mayeso, amayi."

"Mayeso na mwana kumbuyo?"

"Wolemba ndi mng'ono wanga. Ine ndine funso lake."

Anaseka mpaka anagwira tebulo. Nditawauza zimene Chisomo amaphunzira anati, "Kuyenda nako kufuna digiri? Ine ninayenda kuchoka ku Chipata kufika kuno, palibe ananipatsa pepala!" Anandiikira mandasi atatu pa mtengo wa awiri, nandilozera mzere wa takisi za ku Edenvale.

Imeneyi inali malandi 12, ndipo inachedwa kudzadza. Msewu wake ndi wosalala, mitengo mbali zonse, mipanda yaitali, agalu onenepa kuposa Dalitso. Azimayi anzathu ankatsika mmodzimmodzi pa mageti a mabwana awo. Ine ndinatsika pa loboti ya pafupi ndi holo imene ophunzirawo anabwereka, itangodutsa 9.

Chisomo anali pakhomo ndi fayilo. Atandiona anagwira pakamwa.

"Achemwali! Thalauzi ija ili kuti?"

"Ili pa chingwe."

"Mwabwera ku mayeso kapena ku chinkhoswe?"

Nthawi yokangana panalibe. Aphunzitsi anatiitana.

M'katimo munali mphasa za labala, sikelo, ndi aphunzitsi awiri, mayi wa magalasi ndi bambo wa imvi. Dalitso ndinamukhazika pa mphasa ndi ndasi lake. Chisomo anandiyeza kugunda kwa mtima, nandifunsa kumene kumandiwawa. Ndinati msana, makamaka ndikachapa. Mawu anga ngakhale ine sindinawamve bwino.

Kenako anaika bokosi pansi, lolemera ngati mwana. Anandionetsa: kutang'adza miyendo, kunyonyomala, kunyamula. Iye m'thalauzi mwake zinkaoneka zophweka.

"Tsopano inu," anatero.

Ndinayang'ana bambo wa imvi uja. Ndi msinkhu wa bambo athu. Ndinanong'ona kuti, "Chisomo, pamaso pa akuluwa ayi."

"Achemwali, chonde."

Miyendo inakana. Mayi wa magalasi anayang'ana wotchi nalemba kanthu. Ndinaona thukuta pamphuno pa Chisomo, ndipo ndinadziwa kuti ndamulepheretsa mwana wa amayi anga.

Pomwepo Dalitso anataya ndasi nayamba kulira. Sindinaganize. Ndinagwada bondo limodzi monga timachitira popereka madzi kwa akulu, ndinamutenga, ndinadzuka.

"Imani pomwepo!" Chisomo anakuwa. "Bwerezani."

Anatseka fayilo ija. Anandigwaditsanso, ulendo uno ndi bokosi, dzanja lake lili pamsana panga. Anawalankhula aphunzitsi m'Chingelezi, ine ndinangotolapo pang'ono: kuti msana wanga unali wowongoka, kuti ntchito inagwiridwa ndi ntchafu, ndi kuti sangandiphunzitse chinthu chimene sindikachita kunyumba. Koma anandikonzanso. Akuti ndimanyamula mwana ali patali ndi chifuwa, ndiponso ndimapotoka podzuka. Ndicho chimandipweteka. Bambo wa imvi anamufunsa mafunso anayi, Chisomo anayankha onse osatsegula pepala. Pomaliza bamboyo anayesa yekha kugwada, bondo lake linalira kuti thwa, tonse tinaseka.

Tinadikira panja mpaka 1 koloko. Aphunzitsi anamuitananso Chisomo yekha. Anatuluka akuthamanga, nandikumbatira pamodzi ndi mwana yemwe.

"Ndakhoza! Akuti ndinayang'ana munthu, osati fayilo."

"Nanga ine ndapeza zingati?"

"Inu mwalephera yunifolomu."

Pobwerera ndinaimanso pa Germiston kuwauza amayi a ku Chipata aja kuti funso layankhidwa. Ku Katlehong ndinafika dzuwa likadalipo. Kugwada ndinaphunzira ndili ndi zaka zisanu, ndipo ndinkayesa ndi ulemu chabe. Sindinkadziwa kuti anthu amakhalira zaka pa sukulu kuti amvetse zimene bondo limachita. Madzulo amenewo ndinanyamula beseni la zovala, bondo pansi, beseni pachifuwa, osapotoka. Thalauzi ija inali ikadali pa chingwe.