Chitenje cha pampando wakumanzere

Pa zaka zimene anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique, ine ndinkagwira ntchito yogawa chakudya kwa othawa kwawo. Ndinali nditangomaliza kukoleji, ndipo akuntchito anandipatsa pikapu yoti ndiziyendera pakati pa boma la Mangochi ndi midzi ya kufupi ndi Chiponde. Ndikaweruka pikapuyo inkagona kunyumba kwanga.

Mkazi wanga ndinamudziwira pantchito yomweyo. Banja lake linawoloka malire wapansi, ndipo iye ankatithandiza kumasulira Chiyao tikamagawa ufa. Titakwatirana anasuzumira m'galimotomo n'kupukusa mutu. Nyemba zotayika zinali zitamera pansi pa kapeti ya labala.

"Inu mumatsuka kunja kokha kuti anthu aone," anatero. "M'katimu mwatsegula dimba."

Kuyambira pamenepo Loweruka m'mawa tinkatsuka limodzi. Ine ndinkatulutsa makapeti n'kuwakuntha pamtengo wa mango. Iye ankasesa mchenga ndi mamba a nsomba ndi katsache kakang'ono, chifukwa anzanga akuntchito sankadutsa ku Nkopola osagula chambo. Magalasi tinkapukuta ndi nyuzipepala yakale. Fungo la nsomba ankalichotsa ndi madzi a mandimu, kenako n'kuika kachitini ka makala pansi pa mpando.

Mipando inali ya pulasitiki, ndipo m'mwezi wotentha inkawotcha miyendo. Pampando wake wakumanzere anayalapo chitenje chake chobiriwira cha maluwa achikasu. Ankachimanga kuseri kwa mpando: mfundo ziwiri, ina pamwamba pa inzake, nsonga zake atazibisa m'kati. Ndinayesapo kumanga choncho, koma zanga zinkamasuka tisanafike pamlatho wa pa Mangochi.

Anamwalira ndi malungo mvula itangoyamba. Tinakamuika kwa makolo ake ku Chiponde tsiku lomwelo, monga mwa Chisilamu.

Sindinasiye kutsuka galimoto. Loweruka likafika ndinkakuntha makapeti, kusesa, kupukuta magalasi. Mpando wakumanzere wokha sindinkaukhudza. Pamene ankatsamira mutu panali patatsala fungo la mafuta a kokonati amene ankadzola kutsitsi, ndipo galimoto ikatenthedwa padzuwa fungolo linkadzaza m'kati monse. Zenera la mbali imeneyo sindinkatsegula. Pampandopo ndinaikapo katoni, kuti wopempha kukwera aone yekha kuti malo palibe, akwere kumbuyo.

Sadaka yokumbukira maliro itayandikira, apongozi anga, amayi ake a mkazi wanga, anabwera kudzatenga zovala. Kwawoko zovala za womwalira zimachapidwa n'kugawidwa kwa abale, palibe chotsala. Anabwera okha pa lole ya amalonda. Zinali zovuta kwa tonse awiri, chifukwa mkamwini ndi apongozi sakhalirana pafupi, ndipo chikwatirireni nkhani zathu zonse zinkadzera mwa mwana wawo. Tsopano wodutsitsa mawu panalibe.

Anakhala pamphasa pakhonde atayang'ana kumbali. Ndinawaikira sutikesi ya zovalazo patsogolo, ine n'kukakhala pabwalo. Anatulutsa chovala chimodzichimodzi, kuchiwongola pamwendo, kuchipinda. Atamaliza analankhula akuyang'ana khoma.

"Bambo, panali china chobiriwira. Ndinamugulira ine ku Chiponde pamene ankabwera kuno."

"Chili m'galimoto, amayi."

"M'galimoto?"

"Ankakhalira."

Tinagwirizana kuti mawa lake, limene linali Loweruka, ndiwaperekeze kwawo.

M'mawa ndinayamba ntchito yanga ya masiku onse. Ndikukuntha makapeti ndinawaona akubwera ndi beseni la madzi ndi sopo. Anaima kumanzere kwa galimoto, ine kumanja, galimoto yonse ili pakati pathu, ndipo mtunda umenewo unali wokwanira ulemu. Anatsegula chitseko, anachotsa katoni ija n'kuiika pansi. Anapisa dzanja kuseri kwa mpando osasuzumira, ndipo chitenje chinamasuka nthawi yomweyo.

"Amayi, chimenecho..."

Sindinkadziwa mmene mwamuna amauzira apongozi ake za fungo la tsitsi la mwana wawo.

Anachinyamula ndi manja awiri n'kuchiika kumaso. Anakhala choncho nthawi yaitali. Ine ndinatenga kansalu n'kuyamba kupukuta dashibodi imene ndinali nditapukuta kale. Atachitsitsa anachikutumula kamodzi, fumbi lofiira la msewu wa ku Chiponde linatuluka ngati utsi.

"Fumbi ili, bambo," anatero. "Mwana wanga sankakhala pafumbi."

Anachiviika m'beseni. Ndinamva sopo akuchita thovu, ndinamva akufikisa. Madzi oyamba anafiira, anawataya patsinde pa mango. Ndinkadziwa chimene chinkapita ndi madziwo, koma sindinawaletse. Anali mayi wake. Anamusambitsa ali khanda, ndipo anali nawo pomusambitsa komaliza.

Atachiyanika pampanda sanakapume. Anatenga katsache kaja n'kuyamba kusesa mbali imene ine sindinkafikako. Pansi pa mpando anatulutsamo makoko a mtedza, kachipeso kothyoka ndi kachitini ka makala. Ataona makalawo anaseka pang'ono, koyamba chibwerereni.

"Mpaka m'galimoto! Ifetu timaika m'dengu la usipa."

"Ankati amayamwa fungo."

"Amayamwadi. Koma awa atopa. Katengeni ena kumbaula."

Ndinapita kukatenga. Pobwera ndinapeza akutsuka mpando weniweniwo ndi nsanza yonyowa, kupisa chala m'misoko momwe munkabisala ufa. Ndinatsegula zenera la mbaliyo kuti muume. Chogwirira chake chinali chitalimba, ndinachita kukankha ndi manja awiri.

Dzuwa la kuno silichedwetsa zochapa. Tisanamalize kubwezera makapeti, chitenje chinali chitauma. Sutikesi inali pakhonde yotsegula, zovala zina zonse zili m'kati. Apongozi anachotsa chitenje pampanda n'kuchiwongola. Ndinayang'ana pansi, kudikira kumva chivindikiro chikutsekeka.

Ndinamva chitseko cha galimoto. Anali atawerama, akuyala chitenjecho pampando, kuchisalaza ndi chikhatho kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako anapisa manja onse awiri kuseri.

"Kwathu tikagawa zovala," anatero akadali chiweramire. "Ichi n'cha galimoto."

"Zikomo, amayi."

"Katoni ijanso mukaisiye kunyumba. Anthu akuvutika ndi dzuwa kumbuyoku."

Nthawi yonyamuka ndinawapempha kuti akhale kutsogolo, popeza msewu wokwera phiri unali woipa.

"Pafupi ndi mkamwini? Mukufuna a ku Chiponde andiseke chaka chonse?"

Anakwera kumbuyo n'kukhalira sutikesi, atafunda mpango kumutu.

Tinawoloka mlatho mazenera onse ali otsegula. M'galimoto munkangomveka sopo ndi mandimu. Ndinakoka mpweya kangapo kufunafuna fungo lija, koma munalibe. Titayamba kukwera phiri, ndinatambasula dzanja lamanzere kuseri kwa mpando kuti ndione ngati chitenje chagwira. Ndinapeza mfundo ziwiri, ina pamwamba pa inzake, nsonga zake zitabisidwa m'kati. Tinafika ku Chiponde zisanamasuke.