Chiwindi Changa Pachingwe

Ndili kuseri kwa nyumba, chiwindi changa chayanikidwa pachingwe pakati pa masokosi. Khwangwala wamkulu ngati minibasi akuchiyang'ana. Malume Jere, aja amaphunzira kapumidwe kochiritsa ka ku China pafoni, aima padenga atavala thawulo.

"Mphwanga, chiwindi sachithamangira, amachiitana! Kweza manja, unene kuti shhh!"

"Malume, ine ndangomaliza Fomu 4, zimenezo sanatiphunzitse!"

"Nena iwe, chikupita!"

Khwangwala wachigwira kale. Ndikukoka mpweya wa Ndirande yense: shhhhh! Chigayo chazima, agalu asiya kuuwa, khwangwala akugona chiimire. Chiwindi chikutsetsereka pachingwe n'kulowa m'nthiti mwanga, chofunda bwino, mapegi ali pomwepo.

Ndadzuka manja ali m'mwamba, mtima wakhala pansi, ndikuseka ndekha ngati wamisala.