Chala Chopanda Timizere

Lero ku ofesi andidinditsa chala, ndipo fungo la inki landibwezera kwathu ku Lifuwu.

Ndili wamng'ono, chisikilo chinawacheka amayi chala chachikulu akudula mpunga. Mnofu unachoka, fupa linkaonekera. Kuchipatala adokotala anasenda khungu pamwamba pa mkombaphala wa amayiwo, osalidula lonse, n'kulipindira pabalapo, n'kusoka ngati chigamba. Chala chinapulumuka, koma chinapola chosalala, chopanda timizere.

Chaka chotsatira madzi anakokolola mpunga wathu wonse. Tinaima pamzere wa chimanga cha thandizo kuyambira m'mawa, ine m'mimba mukulira. Amayi sankadziwa kulemba, ndiye anadinda ndi chala chija pamaso pa kalaliki wolemba mayina. Papepala panangotsala banga lakuda bii.

"Mwachipala dala chalachi kuti mulandire kawiri," anatero kalaliki.

"Wallahi, bambo, anandisoka adokotala. Taonani chipserachi."

Iye sanayang'ane n'komwe. Amayi anaviikanso chala mu inki, n'kukanikiza ndi mphamvu mpaka chipsera chinang'ambika. Magazi analowerera papepala. Ine ndinangogwira thumba lathu lopanda kanthu.

"Mwandiwonongera pepala," anatero kalaliki uja. "Wotsatira!"